Zilembo Zowonda za pa Khadi la Ukwati



M'nyumba zathu zambiri muli kabati kapena sutikesi imene timasungamo mapepala amene sitifuna kutaya: makhadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, masatifiketi a ana, timakalata toitanira anthu ku chinkhoswe. Tsiku lina mudzawatulutse n'kuwayala patebulo. Mudzaona kuti ambiri ali ndi chinthu chimodzi chofanana. Mayina a anthu analembedwa ndi zilembo zowonda, zopendekera kumanja, zogwirana ngati kuti wolembayo sananyamule cholembera papepala, ndipo zina zili ndi michira yopotana ngati mphukira za dzungu. Pa Chingerezi zilembo za mtundu umenewu amazitcha script. Ife m'banja mwathu tinkangoti ndi zilembo za pa ukwati, ndipo sitinkaziganizira n'komwe kufikira tsiku limene zinatichititsa manyazi pamaso pa akuluakulu athu.

Mwana wathu wamkazi, amene anakulira kuno ku England, anapeza mnzake womanga naye banja. Mabanja onse awiri tinagwirizana kuti ukwati ukachitikire kwathu ku Dedza, kuti agogo ndi azakhali amene sangathe kukwera ndege akaone ndi maso awo. Ntchito yokonza makhadi inagwera ife. Usiku wina tinakhala pakompyuta pamodzi ndi mwanayo, n'kumayesa mitundu ya zilembo umodziumodzi. Titafika pa zilembo zotchedwa Edwardian Script, mwanayo anati, "Amayi, adadi, izi ndiye zomwezo." Nafenso tinavomera, pakuti zinalidi zokongola. Tsono chifukwa chozikonda, tinazigwiritsa ntchito pa chilichonse: mayina a akwati, mayina a makolo, tsiku, nthawi, malo, ngakhale mawu ofotokoza njira. Mayina a mabanja tinawalemba m'zilembo zikuluzikulu zokhazokha poganiza kuti tikuwapatsa ulemu. Tinasankha inki ya mtundu wa golide ndi pepala loyera moderako. Malo atachepa, tinachepetsa zilembozo, ndipo dzina la tsiku tinalichotsa, n'kungosiya nambala.

Makhadiwo tinawatumiza kudzera mwa mnzathu amene ankapita kumudzi. Anakafika m'manja mwa amalume, mwinimbumba wa kuchikazi, kuti iwo agawire anthu. Patapita milungu itatu tinalandira kalata yawo yolemba pamanja. Itatha malonje, inati: "Ana anga, makhadi ndalandira, ndipo ndi okongola. Koma anthu akundifunsa ngati ukwati uli pa 11 kapena pa 17, ndipo dzina la apongozi athu aliyense akuliwerenga mwa njira yake."

Tinatenga khadi limodzi limene linatsala n'kuliyang'ananso. Zinali zoona. Nambala 7 inali yowonda ndi yopendekera kwambiri, kamzere kake ka pamwamba kosaoneka bwino, moti kwa munthu wa maso otopa inkaoneka ngati 1. Ukwati unali Loweruka pa 17, koma ena anali atamva kale kuti uli pa 11, tsiku la Lamlungu, n'kumadabwa ngati anthu a kunja anasintha mwambo. Amayi ena anali atayamba kukonzekera zophika thobwa mlungu wolakwika. Dzina la banja la mkamwini wathu, limene tinalilemba m'zilembo zikuluzikulu, linkangooneka ngati ulusi wosokonekera. Mdzukulu wina atayesa kupanga fotokope kuti makhadi akwanire, mizere yonse yowonda inazimiririka, papepala n'kutsala timadontho. Akuluakulu aja ananena zoona: chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Manyazi amenewo ndi amene anatichititsa kufufuza kuti zilembo zimenezi zinachokera kuti, ndiponso chifukwa chake zimaoneka choncho. Zimene tinapeza zinatidabwitsa, ndipo n'zimene tikufuna kugawana nanu.

Choyamba ndi maonekedwe ake. Mukayang'anitsitsa chilembo chimodzi cha mtundu umenewu, muona kuti mzere wotsika ndi wonenepa, pamene mzere wokwera ndi woonda ngati tsitsi. Zimenezi sizinayambe ngati zokongoletsa. Zinachokera ku cholembera chimene alembi akale ankagwiritsa ntchito, poyamba nthenga ya mbalame yosongola ndi mpeni, kenako nibu yachitsulo yong'ambika pakati. Dzanja likamatsika, limakanikiza pang'ono, nsonga ziwiri za nibu zimatanuka, inki n'kutuluka yambiri. Likamakwera, silingakanikize chifukwa nsongayo ingakole pepala, tsono mzere umatuluka woonda. Kupendekera kwa zilembo nakonso kunachokera ku mayendedwe a dzanja lamanja likamalemba mofulumira. Choncho kukongola kumene timaona pa khadi ndi mapazi a dzanja la munthu, ngakhale kuti lero ndi makina amene amadinda.

Chachiwiri ndi mbiri yake. Kalembedwe kameneka kanakhazikika ku England kumapeto kwa zaka za m'ma 1600 ndi m'zaka za m'ma 1700, ndipo ankakatcha round hand. Chimene sitinkadziwa n'chakuti sikanali kalembedwe ka pa ukwati ayi. Kanali kalembedwe ka ntchito. Pa nthawiyo malonda a ku London ankakula, ndipo amalonda ankafuna makalaliki olemba makalata, malisiti ndi mabuku a ndalama mofulumira komanso mooneka bwino, kuti munthu wa kudziko lina awerenge popanda kulakwitsa. Aphunzitsi a luso la kulemba ankasindikiza mabuku a zitsanzo kuti ophunzira azikopera. Popeza makina osindikizira a nthawiyo sakanatha kutulutsa mizere yowonda chotero, zitsanzozo ankazizokota pa mapale a mkuwa. Mmisiri ankadula chilembo chilichonse chobwerera kumbuyo, ngati mmene chimaonekera pa kalilole, inki n'kulowa m'timigula timeneto, pepala n'kupanikizidwa pamwamba pake. N'chifukwa chake mpaka lero kalembedweka amakatchanso copperplate, kutanthauza phale la mkuwa.

Buku lotchuka kwambiri la mtundu umenewu ndi The Universal Penman, limene George Bickham anazokota ndi kulitulutsa pang'onopang'ono kuyambira mu 1733 mpaka mu 1741. Muli mapale 212 osonyeza dzanja la akatswiri 25. Ngakhale masiku amenewo panali mkangano wofanana ndi vuto lathu. Akatswiri ena ankapikisana pojambula michira, mbalame ndi zithunzi zina ndi mzere umodzi wa cholembera, pamene mphunzitsi wina dzina lake Charles Snell ankadzudzula zimenezi, ponena kuti kalembedwe kabwino ndi kosachulutsa zokometsera, kothandiza pa ntchito. Chapakati pa zaka za m'ma 1960, katswiri wopanga zilembo Matthew Carter anatengera dzanja la munthu ameneyu popanga zilembo zotchedwa Snell Roundhand, zimene zimawerengeka mosavuta kuposa zinzake zambiri.

Ku America nako kunabuka kalembedwe kofananako, kamene anayambitsa Platt Rogers Spencer, ndipo kanafala m'sukulu ndi m'maofesi kuyambira cha m'ma 1850. Tonsefe tinakaona kalekale tisanadziwe dzina lake, pakuti ndi kamene kali pa botolo la Coca-Cola, limene limapezeka ngakhale m'kagolosale ka kumudzi. Amene analemba dzinalo m'zaka za m'ma 1880 anali Frank Robinson, wosunga mabuku a ndalama wa John Pemberton ku Atlanta. Iye analemba m'kalembedwe kamene akalaliki a nthawi yake ankagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku.

Tsono zinatheka bwanji kuti dzanja la kalaliki lisanduke zilembo za pa ukwati? Mataipi atayamba kugulitsidwa m'zaka za m'ma 1870 n'kufala m'maofesi, makalata a malonda anasiya kulembedwa pamanja. Kalembedwe kakale kanachoka pa ntchito ya tsiku ndi tsiku, n'kutsala pa zinthu zochitika kamodzikamodzi: kuitanira anthu ku mwambo, kulemba dzina pa satifiketi, kulemba dzina la kampani imene ikufuna kuoneka yakale ndi yodalirika, kapena pa botolo la mafuta onunkhira. Zinachita ngati suti imene kale inali ya kuntchito, koma tsopano imangovalidwa pa zikondwerero. Ndipo chinthu chikasanduka cha pa chikondwerero, anthu amachiwonjezera zokometsera. Mizere yowonda inawonderatu, michira inatalika, zilembo zing'onozing'ono zinafupika kuti zikuluzikulu zioneke bwino.

Makompyuta atabwera, zilembozi zinafika m'nyumba ya aliyense. Edwardian Script imene tinasankha ija inapangidwa ndi Ed Benguiat wa ku New York m'zaka za m'ma 1990, ndipo ambiri tinaidziwira mu Microsoft Word. Mu 1997 kampani ya Adobe inatulutsa Bickham Script, imene Richard Lipton anaipanga potengera buku la Bickham lija. Mu 1998 kunatuluka Zapfino, ntchito ya Hermann Zapf wa ku Germany, yochokera pa zilembo zimene iye analemba pamanja mu 1944. Imeneyi ili ndi michira yaitali kwambiri moti mzere umodzi umafuna malo a mizere ingapo. Zonsezi ndi ntchito za akatswiri, ndipo vuto silinali la iwo. Kale munthu wofuna khadi ankapita kwa wosindikiza wodziwa ntchito yake, amene akanamuletsa kulemba dzina lonse m'zilembo zikuluzikulu zopotana. Ife tinali ndi zida za mmisiri m'manja, koma tinalibe nzeru zake.

Pali vuto linanso limene limakhudza ife olemba Chichewa. Ambiri mwa mitundu imeneyi anaipanga poganizira Chingerezi ndi zilankhulo zina za kumadzulo kwa Ulaya. Chilembo cha ŵ, chimene ena timakonda kulemba m'dzina loti Malaŵi, sichipezeka mu mitundu ina. Chikasowa, kompyuta imabwereka ku mtundu wina, ndipo pakati pa zilembo zowonda zopendekera pamaima ŵ wonenepa wowongoka ngati mlendo wolowa m'gule wa eni. Nthawi zina pamangotuluka kabokosi kopanda kanthu. Mitundu imene inakonzedwa poganiziranso chilankhulo cha ku Wales imakhala nacho chilembochi, pakuti kumeneko amachigwiritsa ntchito m'mawu monga dŵr, kutanthauza madzi. Kachizindikiro kamene timaika m'mawu monga pang'ono, mng'ono kapena m'mawa nako kamavuta: m'zilembo zowonda kamachepa kwambiri, kamasokonezeka ndi michira ya zilembo zoyandikana nako, mwinanso kamadula mzere wolumikiza. Ndiponso mawu athu ndi aatali, ndipo ali ndi m, n, w ndi u ambiri otsatizana. M'kalembedwe kolumikiza zilembo zimenezi zimafanana ngati mizere ya m'munda. Tayesani kulemba mawu oti mwamuna kapena mkamwini m'zilembo zotere zazing'ono, muona mmene diso limasocherera.

Tibwerere kwa amalume. Iwo anagwira ntchito ya ukalaliki zaka zambiri, kuyambira nthawi imene mabuku a mu ofesi ankalembedwa ndi nibu yoviika mu inki. Titaitenganso kalata yawo ija n'kuiika pambali pa khadi lathu, tinaona chinthu chimene poyamba sitinachione. Dzanja lawo linali la mtundu womwewo. Linali lopendekera kumanja, zilembo zogwirana, mizere yotsika yolemererako kuposa yokwera. Koma panalibe mchira wopanda ntchito. Nambala 7 inali ndi mutu wake woonekera patali. Mwana wa Sitandade 3 akanatha kuwerenga kalata yonseyo osapunthwa. Khadi lathu linkatsanzira dzanja la munthu, pamene kalata yawo inali dzanja lenilenilo, ndipo inkakumbukira chimene khadi lathu linaiwala, chakuti munthu amalemba kuti mnzake awerenge.

Tinawaimbira foni kupepesa, n'kunena kuti tisindikiza makhadi ena. Iwo anakana. Anati ndalama zimenezo zigwire ntchito ina ya pa ukwati, nkhani ya makhadi aithetsa okha. Tinamva pambuyo pake kuti anakhala pakhonde masiku atatu, ndi peni yawo ndi mandala awo, akulemba kuseri kwa khadi lililonse: Loweruka, pa 17, nthawi yakuti, malo akuti, banja la akuti ndi akuti. Makhadi amene anali atagawidwa kale anatuma adzukulu pa njinga kukawatenga, kenako n'kukawabwezanso. Munthu wa zaka zoposa 80 anagwira ntchito imeneyi chifukwa cha kusaganiza kwathu, ndipo sanatidzudzule ngakhale ndi liwu limodzi loposa zimene analemba m'kalata muja. Ukwati unachitika pa tsiku lake, ndipo anthu anabwera.

Kuchokera nthawi imeneyo, abale akatipempha kuti tiwathandize kukonza khadi kapena pulogalamu, timawauza zimene tinaphunzira. Zilembo zowondazi ndi za mayina ndi mawu ochepa a pamutu, ndipo zizikhala zazikulu mokwanira, chifukwa pa saizi imodzimodziyo zimaoneka zazing'ono kuposa zilembo wamba. Tsiku, nthawi, malo ndi nambala ya foni zizilembedwa m'zilembo zowongoka zimene timaziona m'mabuku, ndipo dzina la tsiku lisamasowe pambali pa nambala. Mawu athunthu asamalembedwe m'zilembo zikuluzikulu zopotana, pakuti zimenezo anazipanga kuti ziziyambira mawu, osati kuima moyandikana. Zilembo zolumikizana zisamatalikitsidwe, chifukwa zikatero mizere yozigwirizanitsa imaduka. Mtundu umodzi wopotana ndi wokwanira pa pepala limodzi. Inki ikhale yakuda kapena ya mtundu wina wakuda bii pa pepala loyera. Golide ndi siliva zimanyezimira m'sitolo, koma m'nyumba younikira ndi nyali zimabisa mizere. Ndipo popeza masiku ano makhadi ambiri amayenda ngati chithunzi pa WhatsApp, ndi bwino kuyamba mwaliona pa foni yaing'ono, chifukwa chithunzi chikachepetsedwa mizere yowonda ndi imene imayamba kutayika. Koma langizo loposa onse ndi ili: musanasindikize makhadi ambiri, sindikizani limodzi, mukalipereke kwa munthu wamkulu kwambiri amene mukumuitana, kapena wa msinkhu wake, aliwerenge mokweza inu mukumvetsera.

Sitikunena kuti zilembo zimenezi zisiyidwe. Ife amene tili kutali timazifuna mwina kuposa ena. Sitingathe kupita tokha khomo ndi khomo, kukagwada pansi ndi kunena kuti takuitanani, monga mwambo ufunira. Pepala ndi limene limatiyendera ulendo umenewo, ndipo timafuna kuti likafike litavala bwino. Dzina la munthu likalembedwa m'zilembo zooneka ngati za dzanja, limanena kuti takuganizirani inu panokha, simuli nambala pa mndandanda. Komanso m'mitima mwathu muli kachinthu kena kamene tiyenera kukavomera: timafuna kuti akumudzi aone kuti kunja kuno zinthu zikutiyendera. Pa khadi lathu lija, ndi maganizo amenewa amene anapambana. Tinkaganizira mmene khadi lidzaonekere, osati maso amene adzaliwerenge. Ulemu umene mwini wake sangathe kuuwerenga umakhala wabwerera kwa woutumiza.

Amalume anatisiya patapita zaka ziwiri chichitikire ukwatiwo. Abale anatipempha kuti tikonze pulogalamu ya mwambo wa maliro n'kuitumiza kuti akaisindikize kumudzi komweko. Ulendo uno tinadziwa chochita. Dzina lawo lokha ndi limene tinalilemba m'zilembo zolumikizana, zazikulu ndi zosachulutsa michira, ndi inki yakuda. Zaka zawo, ndondomeko ya mwambo ndi mayina a olankhula tinalemba m'zilembo zowongoka. Kumunsi kwa tsamba lomaliza tinaikapo chithunzi cha siginecha yawo, chimene tinajambula pa kalata ija.

Titapita kukamanga chiliza chaka chotsatira, tinalowa m'nyumba ya azakhali ena kukapereka moni. Pakhoma, pafupi ndi kalendala, panali khadi la ukwati wa mwana wathu. Analipachika chotembenuza: mbali ya golide inayang'ana kukhoma, ndipo mbali imene amalume analemba ndi imene inkaonekera. Titafunsa, azakhaliwo anangoti ndi mbali imene amatha kuwerenga, ndiponso ndi dzanja la achimwene awo.

Khadi limene linatsala kuno tikadali nalo, lopanda cholembedwa kuseri. Timalisunga pamodzi ndi kalata ya amalume mu envelopu imodzi. Mdzukulu wathu akadzayamba kuphunzira kulemba, tidzamuonetsa zonse ziwiri, ndipo tidzamufunsa kuti ndi iti imene akutha kuwerenga.

Inu amene mukukonzekera ukwati, chinkhoswe kapena mwambo uliwonse chaka chino, tikukufunirani zabwino zonse.